Nyamakazi, dzanzi ndi mantha a MS: kufufuza kuyambire pati mu Harare muno

Liwu lakuti nyamakazi ndi thumba lalikulu, timaponyamo chilichonse. Agogo a ku Mabvuku amene mawondo amalira akamakwera kombi akuti ndi nyamakazi. Mayi wa zaka 32 wa ku Mufakose amene m'mawa zala zimakana kumanga mabatani a yunifolomu ya mwana akutinso nyamakazi. Mnyamata wa ku Dzivarasekwa amene patapata amavuka kuphazi iye osamva, nayenso akuti nyamakazi yalowa m'miyendo. Kwa dokotala awa ndi anthu atatu odwala zinthu zitatu, ndipo wachitatuyo mwina vuto lake silili m'mafupa n'komwe.

Masiku ano m'thumbamo mwalowanso dzina lina. Munthu akalemba pa foni kuti kutopa, dzanzi ndi kuphwanya kwa thupi, intaneti imamubwezera multiple sclerosis, imene ambiri amangoti MS. Tulo timatha pomwepo, ndipo banja limayamba kusonkha madola a MRI, makina ojambula m'kati mwa ubongo ndi msana. Musanagulitse kanthu, dziwani ichi: MS simatupitsa mfundo za mafupa. Ndi matenda a ubongo, a mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana, ndi a mtsempha wa diso. Chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kusenda myelin, chikuto cha mitsempha chimene chili ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi, ndiye uthenga umachedwa kapena kuduka panjira. Wodwala MS akhoza kumva ululu, inde, chifukwa minofu imakungika, khungu limawotcha, kapena chifukwa kuyenda mokoka mwendo kwalemetsa bondo ndi chiuno. Koma chala chotupa, chofunda, chimene mphete yakana kuvuka, chikuloza kwina. Choncho pali njira ziwiri zofufuzira, ya mafupa ndi ya mitsempha, ndipo ndalama zambiri zimatayika posakaniza njirazi.

Ntchito yoyamba ndi ya kunyumba, ndipo imangofuna kope la sukulu ndi wotchi. Mukadzuka, onani nthawi, kenako lembani nthawi imene manja amasuka mpaka kutha kufinya nsalu kapena kutsegula botolo la mafuta ophikira. Kuuma kwa mphindi 5 kapena 10, kumene kumatha mukangoyendayenda ndipo ululu n'kubwerera madzulo mutagwira ntchito, kumafanana ndi kuperepeseka kwa mfundo kobwera ndi zaka kapena kunenepa, kumene madokotala amati osteoarthritis. Kuuma kopitirira mphindi 30, nthawi zina ola lathunthu, kumene kumachepa mukamagwira ntchito n'kukula mukakhala pansi, ndi chizindikiro cha kutupa kwa m'kati mwa mfundo. Yesaninso izi: gwirani dzanja lodwalalo ndi dzanja linalo pamzere wa mfundo zimene zimatuluka mukakunga chibakera, mufinye pang'ono ngati mukupatsa moni munthu wamkulu. Dzanja labwino silimva kanthu. Ngati mwadumpha ndi ululu, lembani. Chitaninso chimodzimodzi kuphazi, m'tsinde mwa zala.

Malo amene akupweteka amanena zambiri kuposa kukula kwa ululuwo. Rheumatoid arthritis, nyamakazi yotupitsa mfundo chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka, imakonda mfundo za m'tsinde ndi za pakati pa zala, polumikizira dzanja ndi mkono, ndi zala za kumapazi, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo kawirikawiri imasiya mfundo za pafupi ndi zikhadabo. Osteoarthritis ndiyo imakonda za pafupi ndi zikhadabozo, tsinde la chala chamanthu, mawondo ndi chiuno. Gout, nyamakazi yobwera ndi kuchuluka kwa uric acid m'magazi, imabwera usiku umodzi, nthawi zambiri pachala chachikulu cha kuphazi, mpaka bulangete kulephera kukhudzapo, n'kuzimiririka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Msana umene unayamba kuwawa munthu asanafike zaka 45, wapitirira miyezi 3, umadzutsa m'bandakucha ndipo umapepuka mukayenda, uli ndi gulu lake la matenda otupitsa msana. Kutupa kumabwera n'kupita, ndipo kuli ndi khalidwe lothawa pa tsiku lokaonana ndi dokotala, ndiye kukabwera kujambuleni pa foni, manja onse awiri pamodzi, poyera.

Za mitsempha zikhale ndi tsamba lakelake m'kopemo: chinayamba tsiku liti, mbali iti ya thupi, chinakula kwa masiku angati, chinatha liti, ndipo munali ndi malungo kapena ayi. Masikuwo ndi ofunika chifukwa MS ili ndi kayendedwe kake. Chizindikiro chimakula pang'onopang'ono kwa maola kapena masiku, chimakhala osachepera maola 24 popanda kutentha thupi, chimatha milungu, kenako chimachepa. Dzanzi la mphindi 10 mutakhalira mwendo pamaliro si limenelo. Zimene zimachititsa dokotala wa mitsempha kutchera khutu ndi monga diso limodzi kuchita chifunga, likuwawa mukamalitembenuza, zofiira zikuoneka zofwifwa; dzanzi lokwera kuchoka kumapazi mpaka kukaima pamzere m'chiuno kapena pachifuwa ngati lamba; kuona zinthu ziwiriziwiri; kudzandira musanalawe dontho; mkodzo wofulumiza kapena wokana kutha; ndi kumva ngati magetsi atsika mumsana mukaweramitsa khosi. Ena amaona kuti zizindikiro zakale zimadzuka thupi likatentha, monga dzuwa la Okutobala kapena posamba madzi otentha, n'kugonanso thupi likazizira. Matendawa amakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo akazi amadwala kuposa amuna kawiri kapena katatu.

Pali zina zosalembera m'kope. Mfundo imodzi yotupa, yotentha, yosakhudzika, pamodzi ndi kutentha thupi, ikhoza kukhala ndi mafinya, ndipo mafinya amadya mfundo m'masiku ochepa. Imafunika kupopedwa ndi jakisoni tsiku lomwelo kuti madziwo akayezedwe. Miyendo yonse iwiri kufooka m'masiku ochepa, mkodzo kutsekeka, dzanzi pakati pa miyendo, diso kusiya kuona, kapena pakamwa kupotoka mwadzidzidzi, zonsezi n'zothamangira nazo ku kajuwote ngakhale pakati pa usiku.

Kwa ena onse njira ya boma imayambira ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, kumene amalemba kalata yopita nayo ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kumene ambiri timangoti ku Gomo; a ku Chitungwiza ali ndi chipatala chawo chachikulu. Amene ali ndi medical aid kapena ndalama m'thumba amayambira kwa dokotala wamba, iyeyo n'kuwatumiza kwa akatswiri, ambiri a iwo ali ku Avenues. Funsani a medical aid musanajambulitse, chifukwa kujambula kodula amafuna avomereze kaye. Akatswiri a mitsempha ndi a nyamakazi ndi owerengeka m'dziko muno, ndiye nthawi zambiri amene amayendetsa kafukufuku yense ndi dokotala wamkulu wa matenda a m'thupi, physician, ndipo pa gawo loyamba iyeyo ndi wokwanira. Chinanso ndi chinenero. Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zimene malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amazivomereza, koma m'chipinda cha dokotala mudzalankhula Chishona kapena Chingerezi. Mukangoti "zikuwawa" mwataya theka la nkhani. Konzekeranitu kusiyanitsa kuwawa, kuuma, kufooka ndi dzanzi, limene anzathu amati chiveve. Agogo amene Chishona chimawavuta pofotokoza za m'thupi apite ndi mdzukulu wodekha, wosawayankhira.

Magazi oyamba si odula poyerekeza ndi MRI: kuwerenga magazi onse, ESR ndi CRP zoonetsa kutupa, impso, chiwindi, shuga, chithokomiro, vitamini B12, HIV, chindoko ndi hepatitis B, kuphatikizapo mkodzo. Pa mfundo zotupa amawonjezera rheumatoid factor ndi anti-CCP, ma antibody ofufuzira rheumatoid arthritis, uric acid wofufuzira gout, ndipo nthawi zina ANA, yofufuzira matenda monga lupus amene titchule kutsogoloku. Apa ndi pamene pali misampha. ESR imakwera ndi kuchepa kwa magazi, mimba, ukalamba, HIV ndi TB, ndiye payokha sitchula dzina la matenda. Rheumatoid factor imapezekanso mwa okalamba abwinobwino ndi mwa odwala hepatitis kapena TB, pamene anthu 2 kapena 3 mwa 10 odwaladi rheumatoid arthritis alibe. Anti-CCP ndi yodalirika kwambiri ikapezeka. Uric acid ikhoza kutuluka yabwino gout ili pachimake, ndiye imabwerezedwa pakatha milungu iwiri ululu utazizira. Ndipo muuzeni dokotala ngati mukumwa hydrochlorothiazide wa BP kapena mankhwala a TB, chifukwa hydrochlorothiazide ndi pyrazinamide wa TB amakweza uric acid. ANA yotsika imapezeka mwa anthu ambiri osadwala, ndipo yaopseza mabanja ambiri pachabe. X-ray ya manja imaoneka yoyera m'miyezi yoyamba, mafupa asanayambe kudyeka, choncho mawu akuti "X-ray ili bwino" sakutanthauza kuti mfundo zili bwino. Muyeso wa rheumatoid arthritis umene madokotala amatsata kuyambira 2010 umaphatikiza zinthu zinayi, kuchuluka kwa mfundo zotupa, ma antibody, ESR kapena CRP, ndi kupitirira milungu 6, ndipo umafuna mapointi 6 mwa 10. Manja a dokotala ogwira mfundo imodziimodzi ndiwo amapereka gawo lalikulu la mapointiwo. Ngati mwatuluka m'chipinda musanavule nsapato, kuyezako sikunathe.

Msampha waukulu kuposa yonse uli m'chikwama cha wodwala. Mankhwala opha ululu monga diclofenac, ibuprofen ndi indomethacin amagulidwa ngati maswiti, ena kufamase, ena patebulo la m'mbali mwa msewu, ndipo ambiri amamwa mitundu iwiri nthawi imodzi osadziwa kuti ndi banja limodzi. Miyezi ikapita amabweretsa zilonda za m'mimba, amakweza BP, amatopetsa impso, makamaka mwa odwala shuga ndi omwe ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir. Prednisolone ndiye wonyenga zedi. Pakatha masiku awiri munthu amadzuka n'kukachapa, mfundo zaphwa, CRP yatsika, ndipo dokotala akamuona sapeza kanthu. Amazimitsanso kuwala kwa zilonda zatsopano pa MRI, amadzutsa TB yogona, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amatha kupha mutu wa fupa la m'chiuno. Amene mwamwa kale kwa milungu ingapo musasiye mwadzidzidzi, zimenezo n'zoopsa. Tengani mapaketi onse, ngakhale a zitsamba, mukawathire patebulo la dokotala. Za mphini ndi kwa aneneri sitikangana pano, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma mphini pabondo lotupa ndi khomo la mafinya, ndipo miyezi yoyambirira imene imathera kumeneko ndi yomwe mankhwala a rheumatoid arthritis amagwira bwino kwambiri.

Tibwerere ku mitsempha. MS ilipo pakati pa anthu akuda a kuno, ndipo wakuuzani kuti ndi matenda a azungu okha walakwitsa. Chiwerengero cha dziko lonse lapansi cha 2020 chinali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, ambiri a iwo ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Koma kuno ili ndi anzake ofanana nayo nkhope amene ndi ochuluka kuiposa, ndipo ambiri a iwo amachizika. Kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsa dzanzi la mapazi, kudzandira mumdima ndi kuiwalaiwala, ngakhale mwa munthu wodya nyama, chifukwa vuto limakhala m'mimba molephera kuyamwa. Metformin wa shuga akamwedwa zaka zambiri amaitsitsanso. Mankhwala ake ndi jakisoni, ndipo kungomwa folic acid kumakonza magazi mitsempha ikupitirira kuwonongeka. HIV yokha imatha kugwira mtsempha wa msana ndi ya kumapazi. Isoniazid wa TB amawotcha mapazi ngati pyridoxine sanaperekedwe. Chindoko chakale chimene munthu anachiiwala chimatulukira mumsana patapita zaka. TB ya msana imadya mafupa n'kupanikiza mtsempha. Khosi loperepeseka limachitanso zomwezo mwa achikulire, manja kugwetsa makapu, miyendo kuuma. Ndipo pali likodzo, limene ambiri saliganizira: mazira ake amatha kukakhala kumunsi kwa mtsempha wa msana n'kufooketsa miyendo m'masiku ochepa, mkodzo ulibe ndi dontho la magazi lomwe. Ngati munapita kumudzi pa Khirisimasi n'kukasamba m'nyanja ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, kapena mumawedza kudamu la Chivero kufupi ndi Harare, nenani osadikira kufunsidwa.

Mnzake wa MS woyenera kumudziwa ndi dzina ndi neuromyelitis optica, NMO mwachidule. Amagwira maso ndi msana mwankhanza kuposa MS, nthawi zina maso onse awiri, nthawi zina ndi ntchirikitchi kapena kusanza kosaleka kwa masiku, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda poyerekeza ndi azungu. Pa MRI chilonda chake mumsana chimakhala chachitali, chodutsa mafupa atatu kapena kuposa, pamene za MS zimakhala zazifupi. Pali magazi ake, aquaporin-4, ndi ena ofanana nawo otchedwa MOG. Kawirikawiri amatumizidwa kunja kwa dziko ndipo zotsatira zimatenga milungu. Kudikirako n'koyenera, chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amakulitsa NMO.

MRI ikafika nthawi yake, ichitike kamodzi koma moyenera. CT scan, ngakhale ndi yotsikirapo mtengo, siionetsa bwino zilonda za MS. Kalata ya dokotala inene kuti akufufuza kusendeka kwa myelin, itchule ubongo ndi msana wa m'khosi, ngakhalenso wa pachifuwa ngati miyendo ndi chikhodzodzo zakhudzidwa, ndiponso ngati pakufunika jakisoni wa gadolinium woonetsa zilonda zatsopano. Jakisoniyu amafuna zotsatira za impso zaposachedwa, ndipo mayi woyembekezera anene. Mudzagona m'kati mwa makina aphokoso kwa mphindi 30 mpaka ola, osagwedezeka. Owotcherera zitsulo amene kachitsulo kanawalowapo m'diso ndi omwe ali ndi kabatire ka mtima anene asanalowe. Lipoti likabwera ndi mawu akuti timadontho toyera, musayambe kulira. BP, shuga, mutu waching'alang'ala ndi ukalamba zimasiya timadontho totere mwa anthu ambirimbiri. Muyeso wa McDonald wotsimikizira MS, umene unayamba mu 2001 n'kumakonzedwa pakapita zaka, umayang'ana malo ake enieni: m'mbali mwa timapanga ta madzi ta mu ubongo, pafupi ndi khungu la ubongo, kumunsi kwa ubongo, ndi mumsana, ndipo kukonza kwa 2024 kunawonjezera mtsempha wa diso. Pamwamba pa zonse umafuna kuti pasakhale matenda ena ofotokoza bwino zimene zikuonekazo. N'chifukwa chake magazi otchipa aja amayamba.

Kutenga madzi a mumsana, kuyeza kwina kothandiza pofufuza MS, kuli ndi mbiri yoipa pakati pathu. Ambiri anaona m'bale akutengedwa madzi n'kumwalira mawa lake, makamaka m'zaka zimene meninjaitisi inkapha odwala Edzi, ndipo mlandu unagwera singano pamene wodwalayo anafika matenda atapita kale patali. Zimene zimachitika n'zakuti mumagona cham'mbali mutapinda mawondo kufika pachifuwa, amatsuka, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako singano yopyapyala imalowa m'munsi mwa msana, pamzere wa nsonga za mafupa a chiuno. Mtsempha waukulu umathera pamwamba pa malo amenewo. Amatenga madzi okwana masupuni aang'ono awiri kapena atatu, pamene thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Chovuta chodziwika ndi mutu umene umakula mukakhala tsonga n'kuchepa mukagona, ndipo nthawi zambiri umatha m'masiku ochepa. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti poyeza ma oligoclonal band, mapuloteni a m'madziwo amene amalozera ku MS, pamafunika magazi a pamkono otengedwa tsiku lomwelo, kuti afanizire. Akaiwalika, zotsatira sizitanthauza kanthu. Funsani singano isanalowe kuti botolo lililonse likupita kukayezedwa chiyani, ndipo TB, chindoko ndi cryptococcus zikhale pamndandanda.

Nanga amene ali ndi zonse ziwiri, mfundo zotupadi ndi mitsempha yodwaladi? Apa dokotala wabwino amayamba wafunafuna matenda amodzi okhoza kuchita zonsezo. Woyamba ndi lupus, matenda a chitetezo cha m'thupi cholimbana ndi thupi lomwe, amene amakonda akazi a msinkhu wobereka ndipo mwa anthu akuda amakhala waukali. Tsitsi kuthothoka, zilonda za m'kamwa zosawawa, zidzolo za kumaso zokula ndi dzuwa, zimene pakhungu lakuda zimaoneka zoderapo kapena zotuwa, kupita padera kobwerezabwereza, mkodzo wathovu, zonsezi n'zoti zinenedwe ngakhale zikuoneka zosagwirizana ndi bondo. Kapepala koviika mumkodzo koonetsa puloteni n'kotchipa kuposa zonse tatchulazi, ndipo kamapulumutsa impso. Sjögren, wouma maso ndi m'kamwa mpaka nsima kukana kutsika popanda madzi, ndi sarcoidosis, amene pa X-ray ya pachifuwa amasokonezedwa ndi TB, amachitanso chimodzimodzi. Ndipo rheumatoid arthritis yeniyeni imatha kupanikiza mtsempha wa padzanja n'kuchititsa dzanzi zala zitatu zoyambirira usiku, munthu n'kumaganiza kuti ubongo wagwidwa.

Zimachitikanso kuti zonse zatuluka bwino koma thupi likuwawabe paliponse, tulo n'tosakhutitsa, mutu uli ngati muli nkhungu. Fibromyalgia ndi matenda enieni, a mitsempha yomva ululu mopitirira muyeso, ndipo sawononga mfundo. Thandizo lake ndi kukonza tulo, kuyenda kowonjezera pang'onopang'ono, ndi mankhwala monga amitriptyline wochepa usiku, prednisolone sathandiza. Ena amauzidwa kuti tidikire tione, ndipo mawuwa amapweteka, koma chizindikiro chimodzi chokha ndi MRI yosatsimikiza nthawi zina zimafunadi kujambulanso pakatha miyezi ingapo. Kupatsidwa dzina la MS molakwika kumatanthauza zaka za mankhwala odula otsitsa chitetezo m'dziko limene TB ili paliponse.

Dzina likapezeka, ziwiri zokha zoti musaiwale. Methotrexate, mankhwala oyamba a rheumatoid arthritis, amamwedwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi losankhidwa, ndipo folic acid amamwedwa tsiku lina. Kumwa tsiku ndi tsiku kumapha. Sagwirizana ndi cotrimoxazole amene ambiri a ma ARV amalandira, saloledwa kwa woyembekezera kapena wofuna kutenga mimba, ndipo asanayambe amayeza chiwindi, impso, hepatitis, HIV ndi chifuwa. Pa MS, chizindikiro chachikulu chikabuka amapereka methylprednisolone wa mudiripi, galamu imodzi pa tsiku kwa masiku 3 mpaka 5, atatsimikiza kuti si matenda a mkodzo kapena malungo amene adzutsa zakale. Mankhwala oletsa kubwereza ndi nkhani ina, ya ndalama zambiri, ngakhale kuti mu 2023 bungwe la WHO linaika cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab pamndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo rituximab amagwiranso ntchito pa NMO.

Pochoka kojambulitsa musangotenga lipoti la papepala. Pemphani zithunzi zenizeni pa CD kapena pa flash, mulembepo tsiku, muzisunge m'pulasitiki limodzi ndi kope lija ndi zotsatira zonse za magazi, zoyalidwa motsatira masiku. Dokotala amene adzakuoneni chaka chamawa, kaya ku Parirenyatwa, ku Johannesburg kapena ku Queens ku Blantyre mukadzabwerera kumudzi, adzafuna kuika chithunzi chakale pambali pa chatsopano n'kuwerenga ngati pawonjezereka kadontho.